Mitsinje Ikaphwa: Mitengo ndi Chotupa cha mu Ubongo

Omvera a ku Phalombe, ku Zomba ndi ku Machinga amadziŵa kale kuti Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Iyo imangolandira. Mitsinje ya Phalombe, Sombani, Namadzi, Thondwe, Likangala ndi Domasi ndiyo imaidyetsa, ndipo mvula ikavuta zaka zingapo zotsatizana, mitsinjeyi nkuleka kuyenda, nyanja imaphwa. Zinatero mu 1968, zinateronso mu 1995, ndiponso mu 2018, pamene mabwato anagona pa dothi long'aluka pa dooko la Kachulu. Nkhani ya lero si ya nyanja ayi, ndi ya matenda oopsa a m'mutu. Koma amene anaona Chilwa ikuphwa ndi kudzalanso sadzavutika kuimvetsa, pakuti nzeru imene madokotala akhala akulimbana nayo kwa zaka zoposa 50 ndi yomweyi: kupha chotupa pochitsekera mitsinje yake.

Thupi la munthu linamangidwa ndi tizigawo tating'ono kwambiri totchedwa maselo, ndipo selo lililonse limafuna chakudya ndi mpweya wabwino, zimene zimabwera ndi magazi. Khansa imayamba pamene maselo ena aleka kumvera malamulo a thupi nayamba kuswana mosalekeza. Poyamba kachotupako kamakhala kochepa ngati kambewu ka mapira, ndipo kamadya zimene zikudontha kuchokera m'mitsempha yoyandikana nako. Koma kakafika pa milimita imodzi kapena aŵiri, maselo a pakati pake amayamba kufa ndi njala, chifukwa chakudya sichikuŵafikira. Pamenepa chotupa chimachita zimene amachita mlimi wa mpunga amene munda wake uli kutali ndi ngalande yaikulu: chimakumba ngalande zakezake. Chimatulutsa timadzi tina timene timanyengerera mitsempha ya magazi yapafupi kuti iphuke nthambi zatsopano zoloza kwa icho. Kuphuka kwa mitsempha yatsopano kumeneku akatswiri amakutcha angiogenesis. Pakokha si chinthu choipa, pakuti ndi mmene chilonda chimapolera, ndi mmenenso mwana amakulira m'mimba mwa mayi wake. Chotupa chimangoba luso limene thupi lili nalo kale.

Amene anaunika zimenezi poyera anali Judah Folkman, dokotala wa opaleshoni ya ana mumzinda wa Boston ku America. Mu 1971 iye analemba kuti chotupa sichingakule popanda mitsempha yatsopano, ndi kuti mankhwala oletsa mitsemphayo kuphuka angachisandutse kanthu kogona, kosavulaza. Anzake ambiri anamuseka kwa zaka zingapo. Koma iye ndi omuthandiza anaika tizidutswa ta chotupa m'diso la kalulu: kachidutswa koyandama pamalo opanda mitsempha kanangokhala osakula, pamene kamene kanakhudza malo a mitsempha kanafufuma moŵirikiza kambirimbiri m'masabata aŵiri okha. Mu 1989 Napoleone Ferrara, wa ku kampani ya Genentech, anapatula ndi kulongosola puloteni yaikulu imene imaitana mitsemphayo, imene lero imadziŵika ndi dzina lakuti VEGF.

Zotupa za mu ubongo zili mitundu yambiri, ndipo zina sizili khansa konse. Zimachotsedwa ndi opaleshoni munthu nkuchira. Koma pali china chaukali koposa mwa akuluakulu, chotchedwa glioblastoma, chimene chili m'gulu la zotupa zodzala ndi mitsempha kuposa zina zonse za m'thupi. Mitsempha yakeyo ndi yomangidwa mwaphuma, yokhotakhota ndi yobooka, monga ngalande yokumbidwa usiku ndi wakuba madzi. Imadontha, ndipo madziwo amatupitsa ubongo. Tsono chigaza ndi fupa, sichifutukuka. Nchifukwa chake wodwala amamva mutu kuŵaŵa kwambiri makamaka m'mamaŵa, amasanza, maso amachita chidima, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi umafooka, mwina amagwa ngati wa khunyu chonsecho sanagwepo chibadwire, kapenanso khalidwe lake limasintha mpaka abale nkumaganiza zakuti walodzedwa. Ngakhale m'maiko olemera matendaŵa sanagonjetsedwe. Kafukufuku wamkulu wofalitsidwa mu 2005, wotsogozedwa ndi Roger Stupp, anaonetsa kuti wodwala wa pakatikati amene anachitidwa opaleshoni, naotchedwa chotupa ndi cheza cha makina, namwanso mankhwala a temozolomide, anakhala ndi moyo miyezi 14.6, poyerekeza ndi miyezi 12.1 kwa amene sanamwe mankhwalawo. Miyezi iŵiri ndi theka imeneyo inaŵerengedwa kuti ndi kupambana kwakukulu, ndipo zimenezi zokha zikusonyeza kukula kwa vutoli.

Kodi tsono mitengo ikuloŵapo bwanji? Mtengo suthaŵa mdani. Chiswe chikabwera, mbozi ikabwera, nkhungu ikamera pa khungwa, mtengo umadziteteza ndi ululu umene umapanga wokha m'mizu, m'masamba ndi m'makungwa. Ululu wina umagwira ntchito poletsa maselo a mdaniyo kugaŵikana, ndipo ndi umenewu umene asayansi amaufunafuna.

Chitsanzo chodziŵika bwino chili pakhomo pa nyumba zambiri ndi m'mabwalo a sukulu muno m'Malaŵi: kaduŵa kofiirira kapena koyera, ka masamba onyezimira, kochokera ku chilumba cha Madagascar, kamene akatswiri amakatcha Catharanthus roseus. Anthu a ku Jamaica ankamwa masamba ake ngati tiyi pofuna kuchiza matenda a shuga. Robert Noble ndi Charles Beer, a ku Canada, atakayesa, anapeza kuti pa shuga sikathandiza kwenikweni, koma kamachepetsa maselo oyera a m'magazi, ndipo mu 1958 analengeza za mankhwala a vinblastine. M'bale wake wa mankhwalaŵa, vincristine, analoledwa kugwiritsidwa ntchito ku America mu 1963. Vincristine yemweyu wathandiza ana ambiri odwala khansa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo m'maiko ambiri amaperekedwa pamodzi ndi mankhwala ena kwa ana a zotupa za mu ubongo. Koma pamafunika makilogalamu mazanamazana a masamba ouma kuti papezeke galamu imodzi yokha, ndipo mankhwalawo amabayidwa mumtsempha pa muyeso woŵerengedwa mosamala. Wophika masamba a duŵalo mumphika sapeza vincristine wokwanira kuchiza kanthu; amangomwa ululu wina wosaufuna.

Mtengo umene unagunda pa mitsempha yeniyeniyo ndi wa kuno kumwera kwa Africa. Dzina lake ndi Combretum caffrum, ndipo umamera m'mbali mwa mitsinje ya ku Eastern Cape ku South Africa. Abale ake a mtundu wa Combretum ali ponseponse m'nkhalango za Malaŵi. Ndi mitengo ija ya zipatso zouma za mapiko anayi, imene ambiri amaitcha kalama kapena kadale. Kale mu 1971, ku Salisbury, kumene tsopano ndi ku Harare, R. M. Letcher ndi L. R. M. Nhamo anali atayamba kufalitsa zimene anapeza pofufuza mitima ya mitengo ya banja limeneli. Koma amene anapeza chuma chenicheni anali George Pettit wa ku Arizona State University, amene mu 1982 analengeza za mankhwala otchedwa combretastatin ochokera mu Combretum caffrum, ndipo mu 1989 anafotokoza za mtundu wake wamphamvu koposa, combretastatin A-4.

Mmene mankhwalaŵa amagwirira ntchito ndi mochititsa chidwi. Mkati mwa mtsempha uliwonse mwayalidwa maselo opyapyala, osalala ngati mphasa. Chimene chimaŵagwira kuti akhale oyalika chotero ndi timitanda ta mkati mwawo, topangidwa ndi puloteni yotchedwa tubulin, monga mmene phaso limagwirira denga. Mitsempha yakale ya m'thupi ili ndi zochirikiza zina, koma yanthete ya m'chotupa imadalira kwambiri timitanda timeneti. Combretastatin akafika amagumula timitandato, maselo aja amakwinyika nakhala obulungira, mtsempha umatsekeka, magazi amaima. Mu 1997 ofufuza a ku Gray Laboratory, pafupi ndi London, anaonetsa kuti jakisoni mmodzi ankatseka mbali yaikulu ya magazi oloŵa m'chotupa cha mbeŵa m'maola oŵerengeka, ndipo pakati pa chotupacho pankafa. Apa nkofunika kusiyanitsa zinthu ziŵiri: mankhwala ena amaletsa ngalande zatsopano kukumbidwa, pamene combretastatin amagwetsa zimene zakumbidwa kale.

Akadathera pamenepa, bwenzi nkhani ili yokoma. Koma a ku Chilwa akudziŵa chimene chimatsatira chilala. Nyanja itaphwa mu 1968, matemba, makumba ndi milamba sizinathe. Zinabisala m'maiŵe a m'mitsinje ndi m'madambo a njedza a m'mphepete, ndipo madzi atabwerera zinaswana ndi kudzazanso nyanja. Akatswiri a Yunivesite ya Malaŵi anatsatira zonsezi mwatsatanetsatane, ndipo zinalembedwa m'buku la 1979 limene Margaret Kalk ndi anzake anakonza. Itaphwanso mu 2018, mvula yamphamvu ya mu 2019 inaibwezera. Madzi saiŵala khwaŵa. Kwa asodzi umenewu ndi uthenga wabwino, koma kwa dokotala wa khansa ndi tsoka, pakuti chotupa chimachitanso chimodzimodzi. Pakati pake pamafa, koma maselo a m'mphepete amapulumuka chifukwa amadya kuchokera m'mitsempha yabwinobwino ya thupi, ndipo m'masiku oŵerengeka amayambanso kuswana. Combretastatin, amene pokonzedwa kukhala jakisoni anapatsidwa dzina lakuti fosbretabulin, anayesedwa mwa anthu odwala khansa ya chithokomiro, ya m'mapapo ndi ya thumba la mazira la amayi. Anaoneka kuti amachepetsadi magazi oloŵa m'chotupa, koma ankakwezanso kuthamanga kwa magazi ndi kusautsa mtima mwa odwala ena, ndipo phindu lake silinakwanire kuti aloledwe kukhala mankhwala a m'zipatala.

Glioblastoma ili ndi ukathyali winanso. Ikatsekeredwa mitsempha yatsopano, maselo ake amayamba kukwaŵa motsata mitsempha yakale ya ubongo, monga mmene anthu amasamukira kumtunda kwa mtsinje madzi akasoŵa kunsi. Izi zinaonekera bwino ndi mankhwala a bevacizumab, amene sachokera ku mtengo koma amapangidwa m'fakitale kuti agwire VEGF ija. Analoledwa ku America mu 2004 pa khansa ya m'matumbo, ndipo mu 2009 pa glioblastoma yobwereranso. Zithunzi za ubongo zinkaoneka bwino, kutupa kunkachepa, odwala ambiri ankapezako mpumulo. Koma mu 2014 akafukufuku aŵiri aakulu anasonyeza kuti masiku a moyo wa odwalawo sanachuluke. Mpumulo ndi chinthu cha mtengo wapatali kwa munthu amene mutu ukumuŵaŵa usana ndi usiku, ndipo sayenera kuunyoza amene sanadwazepo. Komabe mpumulo si kuchira.

Pali chopinga chinanso chimene ubongo wokha uli nacho. Mitsempha yake yabwino ndi yomatidwa molimba kwambiri kuti ululu wa m'magazi usaloŵe. Mpanda umenewu umateteza munthu tsiku ndi tsiku, koma susiyanitsa ululu ndi mankhwala. Zambiri zimene zimapha maselo a chotupa m'mbale ya mu labotale zimalephera kuoloka mpandawo mwa munthu wamoyo.

Zimenezi zikuthandiza poyeza nkhani zimene zimamveka kaŵirikaŵiri zokhudza zomera zodziŵika kwa aliyense. Mu 1999 Yihai Cao ndi Renhai Cao, a ku Karolinska Institute ku Stockholm, analemba kuti mbeŵa zimene zinkamwa tiyi wobiriŵira m'malo mwa madzi zinkaphuka mitsempha yochepa m'maso mwawo, chifukwa cha mankhwala a m'masambamo otchedwa EGCG. Wina atamva zimenezi angayang'ane minda ya tiyi ya ku Mulanje ndi ku Thyolo ndi chiyembekezo. Koma tiyi wambiri wa kumeneko ndi wakuda, ndipo pomukonza m'fakitale mbali yaikulu ya EGCG imasanduka zinthu zina; kuonjezera apo palibe kafukufuku amene anaonetsa kuti tiyi wa mtundu uliwonse amachiza chotupa cha mu ubongo mwa munthu. Chikasu nachonso chili ndi mankhwala otchedwa curcumin, amene amaletsa mitsempha kuphuka mu labotale. Vuto lake nlakuti matumbo amatengako pang'ono zedi ndipo chiŵindi chimachotsa msanga kotsalako. Odwala amene anamwa magalamu 8 pa tsiku pa kafukufuku wa ku Taiwan anapezeka ndi kochepa chabe m'magazi mwawo. Chikasu ndi chabwino m'ndiwo, ndipo ulemu wake uthere pamenepo kufikira umboni wina utapezeka.

Lubani anachitako bwino pang'ono. Mu 2011 madokotala a ku Freiburg ku Germany anafalitsa zotsatira za odwala 44 amene ankaotchedwa zotupa za mu ubongo. Theka linapatsidwa utomoni wa mtengo wa Boswellia serrata wa ku India, theka linapatsidwa mapiritsi opanda mankhwala, ndipo palibe amene ankadziŵa chimene akumwa. Kutupa kwa ubongo kunatsika kwambiri mwa odwala 60 pa 100 aliwonse a gulu loyamba, poyerekeza ndi 26 pa 100 a gulu lachiŵiri. Odwala 44 ndi ochepa, ndipo chimene chinayezedwa ndi kutupa, osati kuchira. Koma kayesedwe kotere, ka magulu aŵiri ofanana, ndiko kamasiyanitsa mankhwala ndi mphekesera.

Chomera chimene chimautsa mkangano koposa ndi chamba. Gulu la Manuel Guzmán la ku Complutense University ku Madrid linaonetsa mu 2004 kuti mankhwala a m'gulu la chamba amatsitsa VEGF m'zotupa za ubongo za mbeŵa. Mu 2006 linafalitsa zimene zinachitika kwa odwala asanu ndi anayi pa chilumba cha Tenerife, amene anathiridwa THC, mankhwala aakulu a m'chamba, kudzera m'kapaipi koloŵa m'chotupa mwenimwenimo. Cholinga chinali kuona ngati njirayo ndi yosaopsa, ndipo palibe amene anachira. Mu 2021 kunatuluka zotsatira za odwala 21 amene onse ankamwa temozolomide: mwa 12 amene ankapoperanso m'kamwa mankhwala a chamba otchedwa nabiximols, 10 anali moyo chaka chitatha, pamene mwa 9 enawo anatsala 4. Eniake a kafukufukuyo ananena okha kuti chiŵerengerocho nchochepa kwambiri, kotero kuti mwina zinangochitika mwamwayi, ndipo nchifukwa chake ku Britain anakonza kafukufuku wina wa odwala oposa 200, wotsogozedwa ndi Pulofesa Susan Short wa ku Leeds. Nyumba ya Malamulo ya Malaŵi inavomereza mu 2020 lamulo lolola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo amene ali ndi chiphaso. Lamulolo silinaloleze kusuta, ndipo utsi wa ndudu ya chamba si mankhwala aja oyezedwa amene ankaperekedwa pamodzi ndi chithandizo cha kuchipatala. Amene amagulitsa mafuta a chamba m'timabotolo nalonjeza kuti amasungunula chotupa akugulitsa chinthu chimene asayansi eniake sanachitsimikize.

Zonsezi sizikutanthauza kuti nzeru za asing'anga ndi zachabe. Duŵa la ku Madagascar lija linafika mu labotale chifukwa anthu wamba ankalimwa, ngakhale kuti ankalimwera matenda ena. Mankhwala a malungo a LA, amene Malaŵi anayamba kugwiritsa ntchito mu 2007, gwero lake ndi chitsamba cha ku China chimene Tu Youyou anachifufuza potsata mabuku akale a asing'anga a kwawo, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 2015. Kuno zomera za mankhwala zinalembedwa ndi Jessie Williamson m'buku lake la zomera zothandiza la mu 1955, ndi Brian Morris mu 1996, ndipo nyumba yosungira zitsanzo za zomera ya National Herbarium ili ku Zomba komweko, pamtunda pa chigwa cha Chilwa. Pangano la maiko la ku Nagoya la mu 2010, limene Malaŵi analoŵamo, limati dziko ndi anthu amene chomera ndi nzeru zake zachokera ayenera kugaŵiridwa phindu. Pamene Combretum caffrum unkatengedwa kupita ku America pangano lotere kunalibe. Koma phindu lingagaŵidwe pokhapokha mtengowo ukadalipo, ndipo kalama ndi kadale akutha ndi nkhwangwa za ootcha makala asanayesedwe nkomwe.

Kwa banja la ku Phalombe limene lili ndi wodwala lero, zofunika kudziŵa ndi zapafupi. Mutu wambiri si chotupa. Malungo, kuthamanga kwa magazi ndi maso ofooka ndizo zimauŵaŵitsa kaŵirikaŵiri. Kugwa ngati wa khunyu nakonso kungachokere ku malungo a mu ubongo, ku chifuŵa chachikulu, kapena ku mphutsi za njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba, ndipo zonsezi zili ndi mankhwala. Palibe sing'anga kapena dokotala amene angazisiyanitse ndi maso okha. Pamafunika chithunzi cha mkati mwa mutu. Makina a MRI anafika pa chipatala cha Queen Elizabeth mu 2008, poyamba pofuna kufufuza malungo a mu ubongo mwa ana, ndipo pa chipatala chomwecho Dokotala Patrick Kamalo anakhazikitsa ntchito ya opaleshoni ya ubongo. Chithandizo chootcha chotupa ndi cheza, chimene kwa zaka zambiri odwala ankachitsatira kunja kwa dziko, chinayamba kupezeka ku Blantyre mu 2024, ndipo chipatala cha boma cha khansa chinatsegulidwa ku Lilongwe mu 2025. Njira yake imayambira pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, kumene amalemba kalata yotumiza wodwala ku chipatala cha boma, ndipo kuchokera kumeneko ku Zomba kapena ku Blantyre. Mutu umene ukukulirakulira kwa masabata, wodzutsa munthu m'bandakucha ndi kusanza, kapena wobwera pamodzi ndi kufooka kwa mbali imodzi ya thupi, suyenera kudikira kuti mpunga ukololedwe kaye.

Ngati wodwala wakhala akumwa mizu kapena makungwa, omudwaza atenge zitsanzo zake ndi kuonetsa adokotala mopanda manyazi. Zitsamba zina zimasintha mmene chiŵindi chimagayira mankhwala a kuchipatala, zina zimachedwetsa magazi kuundana, ndipo wochita opaleshoni ya m'mutu amafuna kudziŵa zimenezi asanagwire mpeni.